Kambaula ka gasi ka m'chikwama: mphamvu yake ili m'chitini

Anthu amene amandifunsa za kambaula ka gasi kopita nako kumapiri amayamba ndi kulemera kwake, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa aliyense amene anasenzapo chikwama kuchokera ku Likhubula kukwera ku Chambe paphiri la Mulanje amadziwa mmene katundu amalemerera pachitunda. Tumbaula timeneti ndi topepukadi. PocketRocket 2 ya kampani ya MSR imalemera magalamu 73, ndipo BRS-3000T imangokwana magalamu pafupifupi 25, moti ikapindidwa imabisika m'dzanja. Komabe kambaulako ndi kachitsulo kongotsegula ndi kutseka gasi. Chimene chimachititsa kuti tiyi apse kapena asapse ndi chitini chimene mwamangirira pansi pake.

Mukagwedeza chitini chatsopano mumamva ngati muli madzi, ndipo n'zoona, pakuti gasiyo anapanikizidwa mpaka kusanduka madzimadzi. Kuti moto uyake, madzimadziwo ayenera kuwira n'kukhala mpweya, ndipo kutentha kowiritsira amakutenga kuchitini chenichenicho ndi kumpweya wozungulira. N'chifukwa chake chitini chimazizira pamene mukuphika, nthawi zina mpaka kuchita mame. Mitundu ya gasi imasiyana pa nkhani imeneyi. Butane amaleka kuwira kukazizira kufika pafupifupi pa ziro, isobutane amapirira mpaka madigiri 12 pansi pa ziro, pamene propane amafika madigiri 42 pansi pa ziro. Propane yekha sangaikidwe m'chitini chopyapyala chifukwa amakankha mwamphamvu kwambiri, choncho opanga amangosakanizako gawo lochepa. Vuto lake n'lakuti propane ndi amene amayamba kutha, ndipo chitini chikafika theka mumatsala gasi wofooka pachisanu.

Ndinaziona bwino zimenezi m'mawa wina mu June panyumba yogonamo alendo ya ku Chisepo, tikukonzekera kukwera Sapitwa. Udzu unali mbuu ndi chisanu, ndipo mnyamata wina wa m'gulu lathu anayatsa kambaula kamene dzulo lake kanawiritsa madzi mwamsanga, koma lawi linangotuluka laling'ono ngati chikhadabo. Iye anaganiza kuti kafa. Tinamasula chitini, iye anachifungatira m'jekete kwa kanthawi, kenaka tinachikhazika m'mbale ya madzi ofunda pang'ono, ndipo moto unabwerera ndi mkokomo wake. Kuyambira tsiku limenelo amagona nacho chitini m'thumba lake logonamo. Chimene simuyenera kuyesa ngakhale kamodzi ndi kuchiwotha pamoto.

Ena amaimba mlandu kutalika kwa phiri, koma kutalikako sikufooketsa chitini, chifukwa kumwamba mpweya wakunja sukankha kwambiri ndipo gasi amatuluka mosavuta. Chimene chimasintha ndi madzi. Pamwamba pa Sapitwa, pamamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100, motero mpunga umachedwa kupsa ndipo gasi amatha wambiri. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba. Nsima nayo ili ndi vuto lakelake, pakuti timiyendo togwira poto n'tating'ono ndipo poto amakhala pamwamba pa chitini chopepuka, moti mukayamba kuvundula ndi mthiko zonse zimapendekeka. Amene sangagone osadya nsima agule mtundu wa kambaula kokhala pansi pamiyendo yake, kolumikizidwa kuchitini ndi kapaipi.

Mphepo ndiyo imadya gasi kuposa china chilichonse, chifukwa imakankhira lawi kumbali n'kusiya poto wozizira. Pezani mwala kapena ikani chikwama kumbali imene mphepo ikuchokera, vundikirani poto, ndipo musatsegule moto wonse, pakuti lawi lapakatikati limawiritsa madzi ambiri pa gasi yemweyo. Koma musazinge kambaula ndi chitini chake mbali zonse ndi chitsulo chotchingira mphepo, chifukwa kutentha kumatsekeredwa mkati ndipo chitini chikhoza kuphulika. Pazitini pamalembedwa kuti zisatenthe kupitirira madigiri 50, ndipo chenjezo limeneli likukhudzanso chitini chosiyidwa m'galimoto padzuwa la October. Mvula ikamagwa ambiri amakopeka kuphikira m'tenti yotseka, koma moto umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo, ndiponso nsalu ya tenti imapsa m'kanthawi kochepa zedi.

Pogula, yang'anitsitsani kukamwa kwa chitini. Tumbaula tambiri timafuna chitini cha mazinga, chomangirira pozungulitsa, ndipo zoterezi zimapezeka za magalamu 100, 230 ndi 450, zolembedwa EN 417. Zitini zambiri za buluu za kampani ya Campingaz zilibe mazinga, zimangolowa modina, ndipo pali zinanso zoboola zimene simungazichotse pakambaula gasi asanathe. Ndaonapo mlendo atafika pamwamba ndi kambaula kabwino ndi chitini chodzaza koma zosagwirizana, n'kudalira nkhuni za mlonda wa panyumba yogonamo alendo. Kumbukiraninso kuti chitini cha gasi sichiloledwa m'ndege, kaya m'chikwama cha m'manja kaya m'katundu wapansi, ndipo kuno kwathu sichipezeka m'sitolo iliyonse, choncho chisakeni masiku angapo ulendo usanafike.

Chitini cha magalamu 230 chimatha kusunga munthu mmodzi pafupifupi sabata ngati akungowiritsa madzi a tiyi ndi phala, koma kuti mudziwe gasi wotsala musadalire kugwedeza. Chiyezeni pasikelo ya kukhitchini chikadali chatsopano, lembani nambalayo pansi pake, ndipo mukabwera ku ulendo muyezenso. Kuthengo, kumene kulibe sikelo, chiikeni choimirira m'poto wa madzi, ndipo mudzaona kuti chodzaza chimamira kwambiri pamene chotsala pang'ono kutha chimayandama. Zitinizi sizinapangidwe kuti zizidzazidwanso ngati masilinda a kunyumba, ngakhale ena amatero. Chikatha, chibwezereni m'chikwama n'kutsika nacho, ndipo musachiponye pamoto wa zinyalala chifukwa mkati mumatsalabe kagasi.