Myuziyamu ya ku Karonga si mosungiramo miphika yosweka

Ambiri tinakula tikuganiza kuti myuziyamu ndi malo a azungu odzaona malo ndi ana a sukulu, ndipo ya m'tauni yaing'ono ndiye mungopezamo miphika yosweka ndi makasu adzimbiri. Amene amatero sanalowepo mu Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004.

Ukangolowa umakumana ndi Malawisaurus, chinyama chakhosi lalitali chomwe chinkayenda kuno zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Umachita kukweza mutu. Chimene chaimikidwacho n'choumba potengera mafupa enieni amene anafukulidwa m'boma lomweli, ndiye musanamize ana kuti ndi mafupa enieniwo. Musawauzenso kuti makolo athu ankachisaka ndi mikondo. Chinatha kalekale munthu asanaoneke.

Za anthu zili pazokha. Ku Uraha, m'boma lomweli la Karonga, mu 1991, kunapezeka chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Palinso mbiri ya Mlozi, wogulitsa akapolo amene anaphedwa mu 1895, komanso nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani yomwe inamenyedwa pa Karonga pomwepo mu 1914.