Alamu yomatidwa tepi

Thonje likayamba kulowa m'mafakitale ochotsa njere kuno ku Chipata, makina amayenda usana ndi usiku. M'kabati yachitsulo pafupi nawo mumakhala kakompyuta kotchedwa safety PLC. Ntchito yake ndi kuimitsa makina munthu akatsegula chotchinga choteteza anthu ku makinawo kapena akadina batani lofiira.

Kakompyutaka kamadzikayikira kokha, ndipo ndimakakonda chifukwa cha zimenezi. Uthenga wochokera pa chotchinga umafika pa mawaya awiri osiyana. Wina ukati "chatsekedwa" wina n'kuti "chatseguka", kamadziwa kuti china chake chawonongeka, kamaimitsa makina n'kuliza alamu. Kamaliranso batire yosungira magetsi ikafooka, zomwe zimachitika msanga kuno chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi.

Chaka china ndinaitanidwa ku fakitale ina. Ndinapeza kabelu ka alamu katamatidwa tepi yakuda, ndipo m'kabati munali kachingwe kodumphitsa sensa ya chotchinga, kachipangizo kouza kakompyutaka ngati chotchingacho chatsekedwa kapena chatseguka. Mkulu wa shifiti anandiuza kuti, "Abwana, kankangolira, tinatopa nako." Sindinawakalipire. Fumbi la thonje linali litakuta sensayo ngati ufa pa mphero, moti inkalira kangapo pa ola popanda choopsa. Koma ndi kachingweko, munthu akanalowetsa mkono makina akuzungulirabe.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1994 fakitale yoyenga mafuta ya Texaco ku Milford Haven, ku Wales, inaphulika ndipo anthu 26 anavulala. M'mphindi 11 zomaliza isanaphulike, ogwira ntchito awiri analandira ma alamu 275. Ndani angawerenge zonsezo mtima uli m'mwamba? N'chifukwa chake malangizo a ku Britain okhudza ma alamu a m'mafakitale, otchedwa EEMUA 191, amati ntchito ikamayenda bwino, munthu mmodzi asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10.

Choncho ndikamakonza ma alamu ndimafunsa funso limodzi: ikalira, woyendetsa makina achite chiyani? Ngati palibe chochita, imeneyo ingolembedwa m'kompyuta, isalire. Ya chotchinga ndi ya moto zikhale ndi kulira kwakekwake, koti munthu akuzindikire ngakhale ali panja akumwa tiyi. Sensa ikadumphitsidwa pokonza makina, pakhale nyali yoyaka mpaka kachingwe katachotsedwa, ndipo wodumphitsayo asaine m'buku.

Ku fakitale kuja tinachotsa kachingweko, tinapukuta sensa n'kuiikira chophimba. Tsopano imayesedwa Lolemba lililonse m'mawa, makina asanayatsidwe.