Mkangano wa MacKaye ndi Avery pa njira ya Appalachian

Mu Seputembala 2024 namondwe Helene anagwetsa mitengo yosawerengeka pa njira ya m'mapiri ya Appalachian ku America, m'zigawo za North Carolina, Tennessee ndi Virginia, ndipo mlatho wa pamtsinje wa Nolichucky pafupi ndi Erwin unakokoloka. Miyezi yochepa chabe bungwe loyang'anira njirayi lisanakwanitse zaka 100, anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, anali m'nkhalango kudula zipika. M'madera ena otetezedwa, lamulo la 1964 limaletsa makina, choncho ntchito yotere imagwiridwa ndi macheka okokerana anthu awiri. Lamulo limeneli komanso khama la anthuwa zili ndi mizu yake mwa amuna awiri amene anadana.

Njirayi ndi ya miyendo yokha, yotalika makilomita oposa 3,500, kuchokera paphiri la Springer ku Georgia mpaka la Katahdin ku Maine, ndipo magulu pafupifupi 30 anagawana kuisamalira. Amene anailota ndi Benton MacKaye, katswiri wa za nkhalango, m'nkhani imene analemba mu 1921, patangopita miyezi yochepa mkazi wake atamwalira. Iye sankaganiza za njira yokha ayi. Ankafuna misasa ndi timidzi ta m'mapiri kumene anthu otopa ndi mafakitale angapumeko, ngakhale kulimako. Gawo loyamba linatsegulidwa mu 1923 ku Bear Mountain, bungwe linakhazikitsidwa mu 1925, kenako ntchito inazilala.

Mmodzi mwa amene anaidzutsa ndi Myron Avery, loya wa ku Maine, amene anakhala wapampando wa bungweli mu 1931. Uyu ankayenda akukankha gudumu loyezera mtunda, kupaka utoto woyera pamitengo, kulembera magulu makalata owakakamiza. Ambiri amene anagwira naye ntchito ankati ndi wovuta, koma njira inkatalika.

Chinagawanitsa MacKaye ndi Avery chinali msewu. Mu 1931 boma linayamba kumanga msewu wa Skyline Drive pamsana pa mapiri a Blue Ridge ku Virginia, pamalo pomwe gulu la Avery linali litalambula kale njira. MacKaye anaona kuti galimoto zikakwera pamwamba pa phiri, chimene woyenda pansi akufuna chatha, ndipo anafuna kuti bungwe likane misewu yonse yotere. Avery anawerengera kwina. Malo anali m'manja mwa boma, boma linali lokonzeka kukumba njira ina m'mbali mwa msewuwo kudzera mwa anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu la boma lopatsa achinyamata ntchito, ndipo kulimbana nalo kukanasiya njira yoduka pakati. Pamsonkhano wa 1935 ku Skyland, m'mapiri omwewo, bungwe linatsatira Avery.

Zambiri zimene timadziwa zimachokera m'makalata a awiriwo, ndipo makalata a munthu wokwiya sanena zonse. M'kalata ina Avery anamuuza MacKaye kuti n'kosavuta kukhala kunyumba kukamba za nkhalango, pamene kutsegula njira kumafuna thukuta. Mawuwa ali ndi choonadi, koma ndimaona kuti anapitirira. MacKaye sanali mlesi. Mu 1935 momwemo anali m'gulu la anthu amene anayambitsa Wilderness Society, bungwe limene pambuyo pake linamenyera lamulo la 1964 lija. Olemba mbiri amabwereza kuti awiriwa sanalankhulanenso, ndipo ena amati vuto lenileni linali la ulemu, loti kodi mwini njira ndani, woilota kapena woikumba. Palinso anthu amene mawu awo samveka kwenikweni m'nkhanizi: mabanja mazana angapo amene anachotsedwa m'mapiri omwewo kuti paki ya Shenandoah ikhazikitsidwe.

Pa 14 Ogasiti 1937 gawo lomaliza linatsegulidwa ku Maine. Avery anali atayenda kale njira yonse pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo. Chisangalalo sichinakhalitse. Mu 1938 namondwe anawononga njira kumpoto, ndipo msewu wina, Blue Ridge Parkway, unadya gawo lalikulu ku Virginia, monga momwe MacKaye ankaopera. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatenga anthu osamalira njirayi. Earl Shaffer atayenda njira yonse ulendo umodzi mu 1948, ankasochera m'malo amene tchire linali litabwerera.

Avery anamwalira mu 1952 ali ndi zaka 52, asanaone lamulo la 1968 limene linapatsa njirayi chitetezo cha boma. MacKaye analiona, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1975. Ku Shenandoah lero, woyenda pansi amawoloka Skyline Drive kambirimbiri, ndipo m'malo ambiri phokoso la galimoto limamupeza ngakhale ali pakati pa mitengo.