Plank: kulimbitsa minofu yogwira msana popanda kugula chida

Nyengo yopalira ndi kubandira ikafika, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, dandaulo limakhala limodzi: msana. Mayi wachokera ku mjigo ndi ndowa ya malita 20 pamutu, potula akumva ngati chiuno chaduka. Bambo wasenza thumba la feteleza la makilogalamu 50, m'mawa akudzuka mogwira khoma. Si kuno ku Kasungu kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankavutika ndi kupweteka kwa msana cha m'chiunomu.

Ambiri amati, "Ine ndimaswera kumunda, masewero olimbitsa thupi ndi a anthu a m'maofesi." N'zoona kuti khasu limalimbitsa manja ndi mapewa. Koma kuwerama maola ambiri kumatopetsa msana, ndipo sikuphunzitsa minofu ya pamimba kugwira msanawo kuti usamapindike mwachisawawa mukanyamula katundu. Apa ndi pamene masewero otchedwa plank amathandiza.

Minofu yake ndi iti?

Pakati pa nthiti ndi chiuno pali minofu ingapo yogwira ntchito limodzi: ya kutsogolo kwa mimba, ya m'mbali, yotsata fupa la msana, ndi ya pansi m'chiuno yomwe imagwira chikhodzodzo. Mnofu wina uli mkati kwambiri ndipo umazungulira mimba yonse monga mmene mayi amamangira chitenje mwamphamvu akamapita kokasenza nkhuni. Minofu imeneyi ikalimba, msana sunyamula katundu wokhawokha.

Kachitidwe kake

Mawu oti plank ndi a Chingerezi, kutanthauza thabwa, chifukwa thupi limayenera kuwongoka ngati thabwa. Yalani mkeka kapena mphasa pamalo osalala. Gonani chafufumimba, zigongono zikhale pansi molunjika mapewa. Kenako dzutsani thupi kuti litsamire pa mikono ndi zala za kumapazi basi. Kungani mimba ngati mwana akufuna kukudumphirani pamimbapo, finyani matako, maso ayang'ane pamkekapo. Pumani bwinobwino. Mukatero khalani chomwecho osasuntha.

Poyamba masekondi 10 kapena 15 ndi okwanira. Pumulani pang'ono, bwerezani katatu kapena kanayi. Pakapita masabata onjezerani pang'onopang'ono mpaka masekondi 30, mwina mphindi imodzi. Thupi likamanjenjemera musadabwe, ndi minofu ikugwira ntchito.

Chomwe ndikufuna kutsindika kwambiri ndi ichi: musapikisane ndi wotchi. Achinyamata a mpira amakonda kuyesana kuti akhalitse ndani, ndipo pofika mphindi yachiwiri chiuno chagwera pansi, msana wapindika ngati mtanda wa chigafa wolemedwa ndi fodya. Pamenepo minofu ya pamimba yasiya kale ntchito ndipo katundu yense wapita ku msana womwe timafuna kuuteteza. Masekondi 15 owongoka bwino aposa mphindi ziwiri zokhota. Ena amakweza matako m'mwamba kuti zipepuke, nazonso n'kudzinamiza. Kuti mudziwe ngati mwawongoka, wina akuikireni nsungwi yowongoka pamsana. Ikhudze malo atatu: kunkhongo, pakati pa mapewa, ndi pamatako. Chiuno chikangoyamba kugwa, tsikani.

Ngati zikukuvutani, gwadani mawondo pansi n'kusiya thupi lowongoka kuchokera m'mawondo kufika kumutu. Agogo ndi amene ali onenepa akhoza kuyamba ataimirira, mikono itatsamira khoma kapena tebulo losagwedera, mapazi atabwerera m'mbuyo pang'ono. Amene azolowera ayese yogonera chammbali, kutsamira chigongono chimodzi, kenako n'kutembenuka. Iyi ndi yabwino kwa iwo onyamula chigubu cha madzi dzanja limodzi.

WHO imalangiza akuluakulu kuchita masewero olimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 za kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena ntchito ina yotulutsa thukuta. Plank ndi gawo chabe la zimenezo. Ndipo tinene zoona, sasungunula mafuta a pamimba. Mimba imaphwa chifukwa cha kadyedwe ndi kutakataka kwa thupi lonse.

Za kuthamanga kwa magazi

Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2023 m'magazini ya British Journal of Sports Medicine anapeza kuti masewero okunga minofu osasuntha amathandiza kutsitsa BP (kuthamanga kwa magazi) akamachitika kawirikawiri. Plank ali m'gulu la masewero otere. Koma pa nthawi yomwe mwakunga minofuyo BP imakwera kwakanthawi, makamaka mukagwira mpweya. N'chifukwa chake tikuti pumani. Werengani mokweza, wani, thu, fili, kuti mpweya uziyenda. Amene muli pa mankhwala a BP musawasiye, ndipo ngati BP yanu siinakhazikike yambani mwafunsa kuchipatala.

Funsaninso kaye ngati muli oyembekezera, mwangobereka kumene makamaka kudzera opaleshoni, muli ndi chotupa cha pamchombo kapena m'mphechepeche chomwe chimatuluka mukatsokomola, muli ndi vuto la mtima, kapena phewa likupweteka. Kutopa kwa minofu ya pamimba n'koyembekezeka. Ululu wobaya kumsana, chizungulire kapena kupweteka pachifuwa ndiye ayi, siyani pomwepo.

Msana wina si wa masewero

Izi ndikupempha muzisunge, pakuti anthu amataya miyezi akusisita ndi kumwa panado. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati msana ukupweteka limodzi ndi kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa ntchafu, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi. Chimodzimodzi ngati ululu wayamba mutagwa mumtengo, pangolo kapena panjinga yamoto. Msana wopweteka kwa masabata ambiri, thupi likutentha, thukuta usiku, munthu akuonda, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana. Imachizika ndi mankhwala, koma ikachedwa imapha miyendo. Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo kukafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma pa Kasungu.