Zimbale za Simfoni ya nambala 8 ya Bruckner sizili ndi manotsi ofanana

Okonda nyimbo za okestra (gulu lalikulu la oimba ndi zida) ambiri akhala akukhulupirira kuti zimbale zonse za simfoni (nyimbo yaitali ya okestra) imodzi zili ndi manotsi ofanana, kuti zimangosiyana liwiro ndi luso la wotsogolera. Pa Simfoni ya nambala 8 ya Anton Bruckner, wopeka nyimbo wa ku Austria, zimenezi si zoona.

Bruckner anaimaliza mu 1887, koma Hermann Levi, wotsogolera okestra yemwe ankamudalira kwambiri, anaikana. Zinamupweteka mtima Bruckner, ndipo anailembanso mpaka 1890. Kusinthako sikunali kochepa ayi. M'buku la manotsi la 1887, gawo loyamba limatha mwamphamvu, malipenga ali pakalapakala. M'buku la 1890 limazilala pang'onopang'ono mpaka kuti zii. Ine ndimakonda mathero achiwiriwa, chifukwa chipambano chimasungidwa kuti chidzamveke kumapeto kwa nyimbo yonse, womvera atachidikira kwa nthawi yoposa ola.

Nkhani sinathere pomwepo. Mu 1939, Bruckner atamwalira kalekale, mkonzi wa mabuku a nyimbo Robert Haas anasindikiza buku lotsata la 1890, koma anabwezeramo zidutswa zina za 1887 zomwe zinachotsedwa. Mu 1955 mkonzi wina, Leopold Nowak, anatulutsa lake lopanda zobwezerazo. Chimbale cha wotsogolera okestra Herbert von Karajan cha 1988 ndi Vienna Philharmonic chimatsata Haas, pomwe cha Carlo Maria Giulini cha 1984, ndi okestra yomweyo, chimatsata Nowak. Wofuna kumva buku la 1887 afufuze cha Eliahu Inbal, chojambulidwa ku Frankfurt.

Kawirikawiri dzina la Haas kapena Nowak limalembedwa pachikuto cha chimbale, m'zilembo zing'onozing'ono.