Wapolisi wa pa TV uja sakhala akufufuza mlandu pamene mukumuonera

Anthu ambiri amaganiza kuti wapolisi wofufuza milandu amene amaoneka pa TV sabata iliyonse amakhala ali pa ntchito nthawi yomweyo, kamera ikumutsatira. Kawirikawiri si choncho.

Mwachitsanzo, Joe Kenda wa ku Colorado Springs ku America anapuma pa ntchito mu 1996, koma pulogalamu yake ya Homicide Hunter inayamba mu 2011. Iye ankangokhala pampando n'kumafotokoza milandu yakalekale. Mnyamata amene ankaoneka ngati Kenda akuthamangira kumalo a chiwembu anali wochita sewero, Carl Marino.

Komanso mlandu wotha mu ola limodzi pa TV umatenga masiku, mwina miyezi, ndipo pamakhala anthu ambiri: otenga zidindo za zala, madokotala opima mitembo, mboni zokana kulankhula. Zimenezi amazidumpha, poti n'zotopetsa kuonera.