Khoma la Kariba, lomwe mayiko awiri sangagawane

Munthu akamawoloka kuchokera ku Siavonga kupita ku tawuni ya Kariba, amadutsa pamwamba pa khoma la damu lotchinga mtsinje wa Zambezi. Tsidya lino ndi Zambia, tsidya linalo ndi Zimbabwe, ndipo malire amadutsa pakati pa konkire. Khomali ndi lalitali mamita 128, ndipo kumbuyo kwake kuli nyanja yokumbidwa ndi anthu yomwe imasunga madzi ochuluka kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Munda abale akakangana amaugawa, ng'ombe amaziwerenga n'kupatsana. Khoma lotchinga mtsinje silitheka kutero. Likang'aluka mbali ya Zimbabwe, madzi sadzafunsa pasipoti. N'chifukwa chake maboma awiri omwe nthawi ina ankalozana mfuti sanasiye kuyendetsera limodzi damuli.

Nkhani inayamba ndi mkangano m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, inkafuna magetsi ambiri, ndipo azungu akumeneko ankafuna kuti damu limangidwe pa mtsinje wa Kafue, m'dziko lawo momwemo. Boma la chitaganya ku Salisbury (lero ndi Harare), lotsogozedwa ndi Godfrey Huggins, linasankha Kariba mu 1955. Choipitsitsa kwa a kumpoto chinali chakuti nyumba ya makina opukusa magetsi inakumbidwa m'thanthwe la tsidya la kumwera. Ndalama zambiri za chitaganya zinkachokera ku kopa wa kumpoto, koma switchi inali m'manja mwa Salisbury. Panthawiyo ena ankaona ngati n'kudandaula chabe. Patangotha zaka khumi zinadziwika kuti madandaulowo anali ndi mutu.

Mapulani anajambula ndi injiniya wa ku France, André Coyne, ndipo anamanga ndi kampani ya ku Italy ya Impresit. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabwereketsa madola 80 miliyoni mu 1956. Onyamula simenti ndi kuswa miyala anali anthu akuda zikwizikwi, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland. Anthu 86 anafera pantchitoyi. Zambezi naye sanagonje mwakachetechete: mu 1957 komanso mu 1958 anasefukira modabwitsa n'kuwononga zotchinga zomwe mainjiniya anamanga kuti agwire ntchito pouma. Atonga a m'mbali mwa Zambezi ankati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Azungu ankaseka, koma mlatho wawo unapita ndi madzi.

Atongawo ndiwo analipira mtengo waukulu. Anthu pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe anachotsedwa m'madimba awo achonde n'kukatayidwa kumtunda kouma, kusiya manda a makolo kuti amizidwe. Mu 1958 apolisi anaombera anthu omwe ankakana kusamuka, n'kupha asanu ndi atatu. Mabanja omwe ankangowolokerana pabwato anapezeka atalekanitsidwa ndi nyanja yaikulu. Nyuzipepala zakunja zinalemba kwambiri za Operation Noah, ntchito yomwe Rupert Fothergill anatsogolera yopulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pazilumba zomwe zinkamira. Za anthu zinalembedwa zochepa. Damuli linatsegulidwa mu May 1960 ndi mayi ake a Mfumukazi Elizabeth.

Chitaganya chitatha mu 1963, katundu wake anagawidwa, koma Kariba anakanika. Anakhazikitsa bungwe limodzi, Central African Power Corporation, kapena kuti CAPCO, kuti liziyendetsa damu ndi magetsi ake m'malo mwa mayiko onse awiri. Kenako pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa boma la azungu ku Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, popanda chilolezo cha Britain. Kenneth Kaunda, mtsogoleri wa Zambia panthawiyo, anapezeka kuti moyo wa migodi yake uli m'manja mwa mdani. Anapempha Britain kuti itumize asilikali akalondere Kariba. Britain inangotumiza ndege zankhondo ku Zambia, koma sinafune kuponda tsidya la kumwera.

Apa ndi pomwe mbiriyi imandidabwitsa. Smith anatseka malire mu January 1973. Nkhondo ya ufulu inakula, asilikali a Rhodesia ankalowa m'Zambia kukaphulitsa misasa ya omenyera ufulu, milatho inagwetsedwa. Koma magetsi a Kariba anapitiriza kuwoloka mtsinje, ndipo CAPCO sinathe. Sindikhulupirira kuti panali chikondi pamenepa. Mbali iliyonse inkadziwa kuti kuwononga khomalo n'kudzitentha yekha, komanso ngongole ya damuli inali ya onse awiri. Kaunda sanangokhala manja lende: anamanga malo opukusira magetsi pa Kafue Gorge, pomwe paja a kumpoto ankafuna poyamba, ndipo m'zaka za m'ma 1970 momwemo anakumbitsa nyumba yake ya makina tsidya la kumpoto kwa Kariba.

Zimbabwe italandira ufulu, mayiko awiriwa anakonzanso zinthu. Mu 1987 nyumba za malamulo zonse ziwiri zinavomereza malamulo ofanana okhazikitsa Zambezi River Authority, ZRA, yomwe likulu lake lili ku Lusaka. Kuyambira pamenepo khoma ndi madzi n'za ZRA, koma makina tsidya lililonse n'a dziko lake. Chaka chilichonse ZRA imayeza madzi n'kugawira mbali ziwirizi mofanana. Kugawana katundu wa CAPCO kunasiya chilonda: Zambia inati Zimbabwe ili nayo ngongole ya madola pafupifupi 70 miliyoni, ndipo mkanganowu unachedwetsa kwa zaka zambiri mapulani a damu lina pa Batoka Gorge, kumunsi kwa mathithi a Victoria.

Pomwe andale ankawerengerana ngongole, madzi anali kugwira ntchito yawo pansi. Khomali lili ndi zipata zisanu ndi chimodzi zotulutsira madzi nyanja ikadzaza. Madziwo amagwa kuchokera kumwamba n'kumenya thanthwe kutsogolo kwa khoma. Kwa zaka zambiri anakumba dzenje lomwe linafika mamita pafupifupi 80 kuya kwake, ndipo dzenjelo linkadyera chakumaziko. Vuto lachiwiri linali losaoneka ndi maso: konkire inkafufuma pang'onopang'ono chifukwa cha mmene simenti imadyerana ndi miyala yosakanizidwamo, moti panali mantha kuti tsiku lina zipata zidzakana kutseguka kapena kutsekeka. Amene amadziwa mbiri ya madamu sakanachitira mwina kukumbukira kuti damu lina la Coyne, la Malpasset ku France, linagumuka mu December 1959 n'kupha anthu oposa 400, ndipo chomwe chinalephera si konkire koma thanthwe lomwe linatsamiridwa.

Mu 2014 chenjezo linamveka poyera: Kariba atagumuka, anthu pafupifupi 3.5 miliyoni a ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi angakhale pachiopsezo. Kumunsi kuli damu la Cahora Bassa ku Songo m'chigawo cha Tete, lomwe Apwitikizi anamaliza mu 1974, ndipo silingathe kulandira madzi onse a Kariba nthawi imodzi. Wina angafunse kuti Malawi akulowamo bwanji poti Zambezi sadutsa m'dziko lathu. Anthu a ku Nsanje safuna kuwafotokozera. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi akadzaza, Shire amasowa kothira, madzi ake amabwerera m'mbuyo n'kudzaza madambo ndi midzi ya m'chigwa.

Izi sizinali zongoganizira. Mu 1978 Kariba anatsegula zipata chifukwa cha mvula yambiri, Cahora Bassa nayenso anakakamizika kutsegula zake, ndipo anthu a kumunsi kwa Zambezi anakokoloredwa asanachenjezedwe mokwanira. Panthawiyo Rhodesia ndi Mozambique anali pankhondo, choncho kuuzana za madzi kunali kovuta. Mu 2001 madzi anasefukiranso m'chigwa chonsecho mpaka ku Nsanje. Kuchokera m'zowawa zoterezi oyendetsa madamu a pa Zambezi anayamba kumakumana, kupatsana miyezo ya madzi ndi kudziwitsana asanatsegule zipata. Pa mlingo wa maboma, pangano lokhazikitsa Zambezi Watercourse Commission linasainidwa ku Kasane m'dziko la Botswana mu 2004, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2011. Bungweli lili ku Harare ndipo limaphatikiza mayiko asanu ndi atatu: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Zambia, yomwe ili ndi gawo lalikulu la madzi a mtsinjewu, inazengereza kulowamo poopa kuti anzake aziiuza zochita ndi madzi ake.

Kukonza khomalo kunafuna madola 294 miliyoni. Omwe anathandiza ndi European Union, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, African Development Bank ndi boma la Sweden, ZRA nayo n'kuikapo zake. Njira yomwe mainjiniya anasankha imamveka yachilendo: m'malo mokwirira dzenjelo, analikulitsa. Kampani ya ku France ya Razel-Bec inayamba ntchito mu 2017, inamanga chotchinga kumunsi, inapopa madzi, n'kuswa thanthwe lokwana makyubiki mita pafupifupi 300,000 kumbali yotalikirana ndi khoma, kuti madzi akamagwa azipeza potambasukira n'kuthawira kumunsi m'malo mozungulira n'kumadya maziko. Ntchito ya padzenjeyi inatha mu 2024.

Koma pomwe aliyense ankayang'ana madzi ochuluka, tsoka linabwera ndi madzi ochepa. Mayiko onse awiri anali atawonjezera makina, kumpoto kufika pa mamegawati 1,080, kumwera 1,050, pomwe nyanja ndi yomweyo. Mu November 2022 ZRA inalembera kalata kampani ya Zimbabwe Power Company kuiuza kuti yamaliza gawo lake la madzi a chakacho ndipo iimitse makina. Bungwe la mayiko awiri kulamula kampani ya boma la limodzi mwa eni ake kuti izimitse magetsi si chinthu chomwe chimachitika kawirikawiri kuno kwathu, ndipo ku Harare anthu anakhala mumdima maola ambiri patsiku. Mu February 2024 pulezidenti wa Zambia, Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala cha chakacho ndi tsoka la dziko lonse la Zambia. Pofika September, mwa makina asanu ndi limodzi a tsidya la kumpoto ankazungulira amodzi okha, ndipo mabanja ena ku Lusaka ankaona magetsi maola atatu patsiku. Chaka chomwecho dzenje lokonzedwa kuti lilandire madzi osefukira linaperekedwa kwa eni ake, zipata zonse zisanu ndi chimodzi zili zotseka.